NGOZI IKAGWA PA KHOMO INU MULI PANSI PA MGODI

Abale athu a ku migodi, nkhani ya sabata ino ndi ya inu amene munasiya akazi ndi ana m'malokeshoni a ku Harare, monga ku Mbare, Highfield, Mufakose, Glen View, Budiriro, Kuwadzana, Dzivarasekwa, Mabvuku ndi Tafara. Anthu a kwathu sali alendo m'malo amenewa. Lokeshoni ya Mbare inakhazikitsidwa m'chaka cha 1907, ndipo masiku amenewo inkatchedwa Harari. Makolo athu ochokera ku Nyasaland, ku Chipata ndi ku Tete anachuluka m'menemo, kotero kuti kumudzi munthu aliyense wowoloka Zambezi ankangoti wapita ku Halale. Lero ana ndi adzukulu awo akali komweko, ndipo ambiri a iwo ndi mabanja anu.

Tiyerekeze chotere. Inu mwalowa shifiti ya usiku. Lamya yanu ya m'manja mwaitsekera pamodzi ndi zovala, pakuti simutsika nayo pansi. Nthawi ya 10 koloko mwana wanu ku Glen View wayamba kutsegula m'mimba ndi kusanza. Amake aimba lamya, palibe woyankha. Aimbanso, kuli zii. Ndalama imene ili m'nyumba ndi ya lendi, ndipo munanena kuti asaikhudze. Tsono iwo aganiza kuti, "Ndidikire kuche, abambo ake akatuluka anene chochita." Inu mutuluka 6 koloko m'mawa. Apita maola asanu ndi atatu, koma ilipo nthenda imene imatha kupha mwana maola amenewo asanakwane.

Mayi wotereyu sanachite ulesi, ndiponso si kuti sakonda mwana wake. Iye walemekeza mwamuna wake monga anamlangizira anamkungwi. Cholakwa chili pa ife amuna, amene timachoka pa khomo osasiya mawu.

LAMULO LOYAMBA: ASADIKIRE INU

Pa mgodi munthu akapwetekeka, mnzake sayamba wafunafuna manijala kuti apemphe chilolezo. Amaimitsa makina, amathandiza wopwetekayo, natumiza mawu kuti thandizo libwere. Zimenezi munaziphunzira musanatsike pansi tsiku loyamba, ndipo ena a inu muli nazo setifiketi za chithandizo choyamba. Nanga nzeru imeneyi ithere ku mgodi kokha?

Pa khomo pafunika zitatu zomwezo. Choyamba, kuchotsa chimene chabweretsa ngozi. Chachiwiri, kuthandiza wodwala kapena wopwetekayo ndi zimene zili pafupi. Chachitatu, kuitana thandizo kapena kumtengera ku chipatala msanga. Kukuuzani inu ndi chinthu chachinayi. Muwauze amayi a kunyumba ndi pakamwa panu, ana aakulu akumva, kuti ngozi ikagwa ali ndi ufulu wonse wotenga ndalama ndi kupita ku chipatala, ndipo simudzawaimba mlandu ngakhale dotolo atapeza kuti nthendayo inali yaing'ono.

KOLERA NDI KUTSEGULA M'MIMBA

Tiyambe ndi nthenda imene yasiya misozi yambiri m'malokeshoni amenewa. Kuyambira mu Ogasiti 2008 kufikira pakati pa 2009, kolera inagwira anthu oposa 98,000 m'dziko la Zimbabwe, ndipo oposa 4,000 anamwalira. Chitungwiza ndi Budiriro anali pakati pa malo amene anavutika kwambiri. Oposa theka la anthu amene anamwalirawo anafera kunyumba, osati m'chipatala. Nthendayi inabukanso mu Sepitembala 2018 ku Glen View ndi ku Budiriro, pamene mapaipi a zimbudzi ophulika anaipitsa madzi a m'mijigo ndi m'zitsime. Inabweranso mu 2023, ndipo mu Novembala chaka chimenecho Kuwadzana inali pakati pa malo amene anagwidwa kolimba.

Kolera imapha pochotsa madzi m'thupi. Munthu wamphamvu akhoza kudwala m'mawa, nafa dzuwa lisanalowe. Koma pakati pa odwala 100 amene alandira chithandizo choyenera pa nthawi yake, kawirikawiri safa ngakhale mmodzi. Chimene chisiyanitsa wochira ndi wakufa ndi nthawi imene banja lataya.

Munthu akayamba kutsegula m'mimba mwamadzimadzi, ayambe kumwa madzi a mchere ndi shuga pomwepo. Ngati muli mapaketi a mankhwala ake m'nyumba, amene ku Malawi timati Thanzi, asungunule monga alembera pa paketipo. Ngati mulibe, zipatala za m'Zimbabwe zimaphunzitsa chotere: botolo la 750 ml la madzi owiritsa ndi ozizira, masupuni a tiyi 6 a shuga osalaza pamwamba, ndi theka la supuni ya tiyi la mchere. Mchere usapitirire pamenepo, pakuti wochuluka umapweteka mwana. Wodwala amwe pang'onopang'ono koma kosalekeza. Akasanza, adikire mphindi khumi nayambenso. Mwana woyamwa apitirize kuyamwa.

Zizindikiro zakuti anyamuke nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku, ndi izi: chimbudzi chotuwa ngati madzi otsukira mpunga, maso olowa m'kati, khungu limene ukalitsina silibwerera msanga, kusakodza, kulephera kumwa, kufooka kapena kusinza kosadzuka, ndi liwombo lolowa pa mwana wakhanda. Liwombo limeneli, limene anzathu a Chishona amati nhova, likalowa ndiye kuti madzi atha m'thupi. Silifuna mankhwala opaka pa mutu, lifuna madzi ndi chipatala. Botolo lija atenge, wodwala azimwa ali pa njira. Odwala kolera mu Harare amalandiridwa ku chipatala cha nthenda zopatsirana cha Beatrice Road, pafupi ndi Mbare, ndipo kiliniki ya khonsolo ya m'lokeshoni yanu idzawauza kopita.

Madzi a m'chitsime kapena a pa mjigo, ngakhale aoneke oyera chotani, awiritsidwe kapena kuthiridwa mankhwala monga WaterGuard. Chitsime cha pa khomo chikhale ndi chivundikiro cholemera chimene mwana sangachisunthe.

MOTO NDI KUPSA

M'chaka cha 2019 madzi atachepa m'nyanja ya Kariba, magetsi ankazima kufikira maola 18 pa tsiku. Magetsi akazima, m'nyumba zambiri mumalowa makandulo, chitofu cha palafini ndi botolo la gasi. M'chipinda chimodzi chimene banja liphikiramo ndi kugonamo, monga zili ku Matapi mu Mbare, m'nyumba zija anamangira amuna opanda mabanja, moto ndi bulangete zimakhala moyandikana kwambiri.

Mafuta akayaka mumphika, azimitse chitofu navundikire mphikawo ndi chivundikiro kapena thaulo lonyowa lofinya. Asathirepo madzi, pakuti madzi amamwaza mafuta oyaka m'chipinda monse. Zovala zikagwira moto, munthu asathamange. Agone pansi, agubuduzike, ndipo ena amfunditse bulangete. Fungo la gasi likamveka, atseke botolo, atsegule zitseko ndi mawindo, aturuke onse. Asayatse machesi, asakhudze ngakhale swichi ya getsi.

Moto ukafika pa katani, pa matiresi kapena ku denga, nthawi yozimitsa okha yatha. Aturutse ana, afuule kwa anansi, aitane ozimitsa moto. Asabwererenso m'nyumba chifukwa cha wailesi, ziphaso kapena ndalama. Inu munapita ku mgodi kukafuna zimenezo, ndipo mudzazipezanso. Chinanso, ana asatsekeredwe m'nyumba ndi loko wa kunja, kandulo ikuyaka. Mawindo a m'malokeshoni ali ndi zitsulo zotchinga mbala, ndipo zitsulo zomwezo zimatchinga mwana wothawa utsi.

Munthu akapsa ndi moto, phala kapena madzi otentha, athire madzi oyera ozizira pa bala kwa mphindi 20. Avule mphete ndi zibangili malo asanatupe, koma nsalu yomatirira pa khungu aisiye. Asapakepo mankhwala otsukira mano, mafuta ophikira, dzira, sopo kapena dothi, pakuti zimenezi zimasunga kutentha ndi kulowetsa litsiro, ndipo namwino amavutika kuzichotsa mwana akulira. Matuza asawaboole. Aphimbe ndi nsalu yoyera. Bala likaposa chikhatho cha wopsayo, kapena likakhala pa nkhope, m'manja, ku mapazi, pa mfundo kapena kumaliseche, apite ku chipatala. Mwana wakhanda akapsa, ngakhale pang'ono, aonedwe ndi namwino tsiku lomwelo.

MBAULA M'NYENGO YOZIZIRA

Inu a ku mgodi mudziwa bwino kuti ulipo mpweya wopanda fungo ndi wopanda mtundu umene umatsala pansi moto ukabuka kapena akaphulitsa miyala, ndipo simulowa m'malo otero kufikira atayeza. Mpweya womwewo umaturuka m'makala oyaka. Mu Juni ndi Julayi, pamene Harare imazizira mpaka chisanu kuyera pa udzu, anthu amalowetsa mbaula m'chipinda, natseka chitseko ndi mawindo, nagona. Ena sadzukanso. Injini ya magetsi ya petulo ikamalira m'nyumba kapena m'khonde lotsekeka imachita chimodzimodzi.

Chizindikiro chake ndi ichi: anthu awiri kapena atatu m'chipinda chimodzi amva mutu, chizungulire ndi nseru nthawi imodzi. Pamenepo asaganize za malungo kapena za ufiti. Atsegule chitseko, aturutse onse kunja, ndipo amene wakomoka, wasokonezeka kapena akupuma movutika apite ku chipatala msanga, pakuti afunika mpweya wa m'botolo. Mayi woyembekezera ndi mwana wamng'ono apite ngakhale aoneke ngati atsitsimuka. Mbaula iothedwe chitseko chili chotsegula, ndipo ituruke panja anthu asanagone.

PALAFINI NDI POIZONI

Palafini wothira m'botolo la zakumwa amaoneka ngati madzi kwa mwana wa zaka ziwiri. Mwana akamwa palafini, cholakwa chachikulu ndicho kumsanzitsa. Palafini akamabwerera ku khosi amalowa m'mapapo, ndipo m'mapapomo ndi mmene amapha. Asamlowetse chala ku khosi, asampatse mkaka, mafuta kapena madzi a mchere. Amvule zovala zonyowa ndi palafini, amtsuke khungu, napite naye ku kiliniki ngakhale akusewera bwino, pakuti chifuwa chimayamba patapita maola.

Chimodzimodzinso ndi mankhwala a makoswe, a mphemvu ndi a m'dimba amene amagulitsidwa m'misika ndi m'mbali mwa misewu, kapena mapiritsi a anthu aakulu. Asadikire kuti aone ngati mwana adwala. Atenge paketi kapena botolo la chimene wamwacho, kuti dotolo adziwe mankhwala oyenera. Mwana akamaturuka dovu lambiri, thukuta ndi misozi, kapena akamapuma movutika, athamange naye ndi galimoto iliyonse imene ipezeke. Popita ku tchuthi, khomani shelefu pamwamba kapena gulani bokosi la loko, kuti zinthu zotere zisakhale pansi pa bedi.

MAGETSI

Munthu akagwidwa ndi magetsi, womgwira ndi manja agwidwa naye pamodzi. Azimitse swichi yaikulu imene ili pafupi ndi mita. Kodi akazi anu ndi mwana wanu wamkulu adziwa pamene ili? Ngati ndinu alendi ndipo ili m'nyumba ya mwini malo, kodi usiku ifikika? Ngati swichi ili kutali, amkankhe ndi mtengo wouma, iwo ataima pa malo ouma. Wogwidwa ndi magetsi apite ku chipatala ngakhale bala lioneke laling'ono, pakuti magetsi amapweteka mtima ndi m'kati mwa thupi. Ngati sakupuma, amgoneke chagada ndi kumsindikiza pakati pa chifuwa mwamphamvu, kawiri pa sekondi iliyonse, kufikira thandizo litafika. Inu amene munaphunzira zimenezi ku mgodi, aonetseni ndi manja anu.

Waya wogwa mumsewu kapena pa mpanda, makamaka nyengo ya mvula, asauyandikire. Munthu mmodzi aime chapatali kuletsa ana, wina auze a ZESA. Ndipo chitofu ndi ayironi zizimitsidwe magetsi akangozima, pakuti amabwerera pakati pa usiku anthu ali m'tulo.

MAYI WOYEMBEKEZERA NDI MWANA WAMNG'ONO

Zinthu za uchembere amuna timaziona ngati za amayi okhaokha, koma ndalama ya galimoto ndi chilolezo zimachokera kwa ife. Mayi woyembekezera akataya magazi, akamva mutu waukulu ndi kuona zinthu mwachimbuuzi, akatupa nkhope ndi manja, akakomoka, akatentha thupi, kapena akaona kuti mwana waleka kugunda m'mimba, apite nthawi yomweyo. Asayembekeze tsiku lake la sikelo. Makiliniki aakulu a khonsolo, monga a ku Budiriro, Glen View, Mufakose ndi Mabvuku, ndi Edith Opperman ku Mbare, amalandira amayi oyembekezera. Zikawakulira amatumiza ku Sally Mugabe Central Hospital, kumene kale kunkatchedwa Harare Central ndipo anthu amangoti ku Gomo, kapena ku Parirenyatwa.

Mwana akakomoka namaphupha, amgoneke chammbali pa malo ofewa. Asamlowetse supuni kapena chala m'kamwa, asammwetse kanthu, asamfukize utsi. Akaleka kuphupha apite naye ku kiliniki, ndipo zikapitirira mphindi zisanu asadikire kuti aleke. Mwana amene akupuma mofulumira, nthiti zikulowa m'kati, kapena wakhanda amene wakana bere, ndi wa ku chipatala usiku womwewo. Ngati banja lanu ndi lopemphera, ndi bwino ndithu. Apemphere ali pa njira.

KAITANIDWE KA THANDIZO

Manambala a ngozi m'Zimbabwe ndi awa: 999 pa ngozi iliyonse, 993 ozimitsa moto, 994 ambulansi, 995 polisi. Alembedwe ndi zilembo zazikulu pa pepala, likhomedwe kuseri kwa chitseko. Pansi pake mulembe nambala ya kiliniki yanu, ndi manambala a anansi awiri amene ali ndi galimoto. Tinene poyera kuti ambulansi siifika msanga nthawi zonse, pakuti mzinda wakula ndipo misewu ina ndi yoipa. Chifukwa chake wina akamaimba lamya, wina athamangire kwa mnansi wa galimoto.

Woimba lamya anene zinayi, modekha: chimene chachitika, anthu angati, wodwala ndi wa msinkhu wanji, ndi malo. Pa malo pamenepa ndi pamene ambiri amalakwa. Kunena kuti "ku Highfield" sikukwanira, pakuti Highfield ndi yaikulu. Atchule nambala ya nyumba, msewu, chigawo cha lokeshoni, ndi chinthu chodziwika chimene chili pafupi, monga masitolo a Machipisa, sukulu kapena tchalitchi. Atatero atume mnyamata akaime pa msewu waukulu ndi tochi kapena nsalu yoyera, kuti alondolere galimoto. Asadule lamya kufikira wa mbali inayo atanena kuti wamva zonse. Ngati amayi ali mlendo wochokera kumudzi ndipo Chishona ndi Chingerezi ziwavuta, mupanganiretu ndi mnansi amene adzawalankhulira.

ZIMENE MUCHITE PA TCHUTHI CHIKUDZACHI

Anthu a kwathu ku Harare amadziwika ndi mabungwe awo a maliro. Mwezi ndi mwezi timasonkha mokhulupirika kuti tsiku la imfa bokosi lipezeke ndi anthu adye. Chimenechi ndi chabwino, ndipo makolo athu anachita nzeru pochiyambitsa. Koma ndi mabanja angati amene ali nayo ndalama yoikidwa padera ya galimoto ya usiku ndi ya khadi la ku kiliniki? Ngati tikhoza kusonkhera bokosi, tikhozanso kusunga ndalama imene ingaletse bokosilo kufika pa khomo.

Tsono mukapita kunyumba, musathere masiku onse ku mowa ndi kuchezera abale. Patulani tsiku limodzi. Ikani ndalama ya ngozi m'manja mwa akazi anu, ina ya m'thumba ndi ina pa lamya monga pa EcoCash, ndipo musaifunse pa zinthu zina. Gulani mapaketi a mchere ndi shuga a ku kiliniki, tochi, bandeji ndi chidebe chokhala ndi chivundikiro cha madzi akumwa. Yendani ndi mwana wanu wamkulu kufikira pa kiliniki kuti adziwe njira, ndipo mufunse namwino kumene odwala amapita usiku. Pitani nokha kwa mnansi wa galimoto, mumpemphe mwaulemu, ndi kumtsimikizira kuti ndalama ya petulo mudzabweza. Akulu anati mnzako akapsa ndevu mzimire, mawa adzazima zako, kotero nanunso muvomere kuti banja lanu lidzathandiza lake.

Musiyenso nambala ya ofesi ya pa mgodi ndi nambala yanu ya ntchito, kuti zikavuta mawu akupezeni ngakhale muli pansi. Koma muwakumbutse kuti lamya imeneyo aimbe atafika kale ku chipatala. Mukadzaturuka m'mawa ndi kupeza uthenga wakuti, "Abambo ake, mwana anadwala usiku, tili ku kiliniki, akumwa madzi," muyankhe ndi mawu othokoza, kuti tsiku lina akadzaona zotere asazengereze.

Werengerani nkhaniyi anzanu a m'komboni amene satha kuwerenga, ndipo mukatha dulani tsambali mulitumize kunyumba.